Mabatire a Padzuwa ndi Mawu a Anankhoma

Iwe Tadala ndi iwe Lonjezo, izi ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mudzalozetsa foni pamapepalawa kuti ikumasulireni, koma foniyo idzatuluka thukuta, chifukwa Chichewa changa ndi cha ku Ntcheu chothira mchere wa ku Ndirande, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 5, aphunzitsi ndi ine titagwirizana mwamtendere kuti tatopetsana. Mukakakamira penapake, kafunseni amayi anu. Bambo anu musawafunse, Chinyanja chawo cha ku Chipata chidzakusocheretsani.

Wandilembetsa ndi iwe Lonjezo. Tsiku lija unabwera ndi ntchito ya kusukulu yonena za zinthu zimene anthu anatulukira nkhondo yaikulu yachiwiri itatha, tiranzisita, kompyuta, maikulowevu, tepi yosunga mawu, unandifunsa ngati ndinabadwa zinthuzo zisanabwere. Unafunsa ndi nkhope ya munthu amene akuyembekeza kumva kuti ndinathandiza Nowa kukhoma misomali. Mwana iwe, ine ndi zinthu zimenezo ndife amsinkhu umodzi. Tinakulira limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti izo pokula zikucheperachepera n'kumachenjera, pamene ine ndikungochepa basi.

Tiyambe ndi mlandu wa maikulowevu, popeza mpaka lero mumaufotokozera alendo ngati ndinapha munthu. Inu munaona utsi wokha, chifukwa chake simuchidziwa.

Kwathu batire silinkafa kamodzi. Mabatire, amene ife tinkangoti miyala, ankafa ngati chidakwa: lero chagona m'ngalande, mawa chadzuka chikufunsa nsapato. Wailesi ikayamba kulankhula motsitsa ngati munthu wa malungo, tinkatulutsa mabatire n'kuwayanika padenga la malata tsiku lonse. Madzulo ukawabwezeramo, wailesi inkatsitsimuka n'kukuwerengera nkhani, ndi mauthenga a maliro omwe. Akafookanso unkawagogoda, kapena kuwaluma m'mbali. Dzino lakutsogolo ili limene mumati linagwa ndi ukalamba, kafunseni batire. Munthu wotaya batire lisanalawe dzuwa tinkamuyang'ana kawiri, tinkati kapena ndi mwana wa mwini sitolo, kapena mutu wayamba.

Ndiye mu Januwale muja, inu muli kusukulu, amayi anu Tiyamike ali kuchipatala kumene amasamalira odwala, bambo anu a Tembo ali ku ofesi kwawo ku Mississauga, rimoti ya kanema inafa mpira uli pafupi kuyamba. Ndinasuzumira pawindo kufuna dzuwa. Dzuwa la kuno ku Etobicoke, kutsidya la nyanja, mu Januwale mumalidziwa: limafika mochedwa, siligwira ntchito, n'kuweruka msanga. Pakhonde chipale chofewa chili mbee. Ndikutembenuka, maso anga anagwera pa kabokosi kamene kamandifunditsira tiyi m'mawa uliwonse. Mumtima ndinati, a Mbewe, kodi ili si dzuwa la m'nyumba?

Musadzayesere. Ndikubwereza, musadzayesere, ngakhale mutakalamba kuposa ine. M'kabokosimo munang'anima ngati mphezi za mu Disembala, kenaka phuu! Kabelu ka utsi kanayamba kulira kudenga, ine ndikukakupiza ndi chipewa, mayi wa nyumba yoyandikana nayo akugogoda chitseko ndi Chingerezi cha mantha. Mpira sindinaonere. Maikulowevu inapita osatsanzika.

Amayi anu atafika sanakuwe. Bola akanakuwa. Anaima pakhomo la khitchini ndi yunifomu yawo, ananunkhiza, anandiyang'ana.

"Ababa, mukanapsa. Inuyo, ndi nyumba, ndi ana a eni ake khomo linalo."

"Sizinafike pamenepo, mayi."

"Mabatire onse amene mwabisa m'nyumba muno, nditulutsireni. Onse. Ndikukudziwani."

Ndinakana kuti ndilibe, koma fisi akagwa m'mbuna salankhula zambiri. Anatsika okha kuchipinda kwanga kwapansi, anagwada, anakoka chitini cha mabisiketi kunsi kwa bedi. M'menemo munali chuma changa: mabatire onse amene inu munkataya m'nyumba muno, a m'zidole, a m'wotchi, a m'tochi, ndinkawatola n'kumawasungira chilimwe. Anawakhuthulira pabedi. Pansi pa mabatirewo panali mpango wa kumutu wofiirira, ndipo mumpangomo munali kaseti.

"Ichi n'chiyani?"

"Amayi ako," ndinatero.

Anakhala pabedi pamwamba pa mabatire omwewo, osawamva n'komwe.

"Ndinkayesa inatayika kalekale."

"Siinatayike."

"Ababa, ndikufuna ndiwamve."

Apa ndibwerere m'mbuyo, apo ayi simumvetsa chifukwa chimene pempho limeneli linandiopsera.

Wailesi yoyamba imene ndinaiona inali ya aphunzitsi aakulu kumudzi, chibokosi ngati kabati, batire lake ngati njerwa ziwiri. Ukayatsa inkayamba yaganiza kaye, itenthe m'mimba, ndiye izilankhula. Kenaka kunabwera timawailesi tating'ono tonyamula m'manja. Ine ndinkayesa tiranzisita ndi dzina la wailesiyo, ngati mmene galu amakhalira Bingo. Ndi iwe Lonjezo amene wandionetsa chithunzi chaka chino kuti tiranzisita ndi kanthu konga nyemba ya miyendo itatu kamene kali m'kati, ndipo kuti m'foni mwako muli tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Zaka zonsezi ndakhala ndikutamanda chikwama m'malo mwa mwini wake.

Nditayamba ntchito ku Limbe ndinapeza yanga, ya chikopa chakuda ndi lamba wake. Popita kumudzi patchuthi ndinkaikoleka paphewa, kamlongoti nditakasolola mpaka kumapeto, kuti ngakhale wakhungu amve kuti mwana wa a Mbewe wabwera kuchokera m'tauni. Tsiku lina mabatire anathera panjira. Kodi ndikanatani? Kubisa wailesi m'chikwama ngati munthu wamba? Ndinaisiya paphewa pomwepo, podutsa pachigayo pamene panali atsikana, n'kumaimba ndekha chapansipansi, milomo nditatseka. Ndinkaona ngati zikuyenda. Ndiye mtsikana wina, lichero lili m'manja, ufa uli m'nsidze, anati:

"Achimwene, wailesi yanuyo ndi yamakono zedi. Ikutulutsira mawu m'mphuno mwanu."

Chigayo chonse chinagwa nacho chiseko. Ameneyo ndiye Anankhoma, agogo anu aakazi. Ndinawakwatira kuti asakauze anthu ena, koma anali atauza kale mudzi wonse.

Ntchito yanga ku Limbe inali ya umesenjala pakampani ina yaikulu, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi kompyuta. Musaganize za kanthu kamene mumagona nako pabedi. Iyo inali ndi chipinda chakechake, makabati achitsulo mbali zonse, ndipo m'nyumba yonseyo chipinda chokhacho ndicho chinali ndi makina oziziritsa mpweya. Abwana ankatuluka thukuta mu Okutobala, kompyuta ikupuma mphepo ya ku Dedza. Chakudya chake chinali makadi obowolabowola. Atsikana ena ankakhala pamakina n'kumabowola timabowo, ine n'kumanyamula makadiwo m'makatoni kupita nawo kwa anyamata a majasi oyera amene ankaidyetsa. Anandichenjeza kuti ndikadzagwetsa katoni makadi n'kusokonezeka, ndidzapitirire ulendo wa ku Ntcheu osabwerera. Choncho ndinkayenda ngati mkwatibwi, makamaka ndikalowa m'chipinda chozizira chija. M'menemo ndinkayenda mosamala kwambiri moti nthawi zina ankachita kundikumbutsa kuti khomo lili uko.

Makadi otha ntchito ndinkapita nawo kunyumba ku Ndirande. Anankhoma ankakolezera moto, ena ankakupizira mbaula. Ndiye mukamanyada ndi makompyuta anu, muzikumbukira kuti agogo anu aakazi anaphikira nyemba mapulogalamu ambiri kuposa amene inu mudzalembe.

M'chipinda chomwecho munali mawilo awiriawiri ozungulira kuseri kwa galasi, akukulunga kalamba kofiirira. Mnyamata wina wa jasi loyera anandiuza kuti kalambako kamasunga manambala, ndipo kuti ndi mtundu womwewo umene umasunga nyimbo m'kaseti. Zinandizunguza mutu sabata yonse. Kalamba kopanda pakamwa, kopanda khutu, kusunga mawu a munthu! Choncho msuweni wanga atabwera kuchokera ku Joni ndi wailesi ya kaseti yojambula mawu, sindinagone. Tinasinthana: iye anatenga njinga yanga, ine ndinatenga wailesi. Ndinafika kunyumba wapansi, chinthucho chili pamutu, ndikumwetulira.

"Njinga ili kuti?" anafunsa Anankhoma.

"Mayi, ichi chimasunga mawu."

"Chikakusungiraninso miyendo popita ku Limbe?"

Chinthucho chinkadya mabatire akuluakulu ngati nkhumba. Denga lathu linkaoneka ngati tayanika makaka. Anthu odutsa ankadziwa kuti pano ndi pa a Mbewe poona mabatire ali ndandanda pamalata.

Loweruka lina m'mawa, Anankhoma akuchapa kuseri kwa nyumba, amayi anu ali kamwana koyenda dedede pambali pawo, ndinawamva akuimba. Ndinanyamula wailesi, ndinazemba mpaka pangodya, ndinadina mabatani awiri aja pamodzi. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawajambula. Sankafuna. Ankati mawu a munthu si ndiwo zoti n'kufutsa.

Dzinja lotsatira anadwala, ndipo mvula isanathe tinakawaika kumudzi. Amayi anu anali asanayambe n'komwe sukulu. Wailesi ija ndinaisinthanso ndi njinga, chifukwa tsopano panali mwana woti ndizimutula kwa alongo anga m'mawa ndi kukamutenga madzulo. Kaseti ndinaikulunga mumpango wawo.

Amayi anu akukula ankandifunsa. Ndinkati, "Muli amayi ako akuimba nyimbo ya kutchalitchi, mawu ngati mngelo. Tidzamvera mawa." Mawa ameneyo anatenga zaka zoposa makumi anayi. Chifukwa chimene ndinkapereka chinali choona ndithu: mawailesi a anthu ankadya makaseti. Ndinaonapo ndi maso anga kalamba kakutuluka m'wailesi ngati matumbo a nkhuku, mwini wake akukabweza ndi bolopeni uku akutukwana. Kaseti ya nyimbo ukhoza kugula ina. Iyi ndikanakaigula kuti?

Koma panali china chimene chinabwera pambuyo, mwakachetechete. Nkhope ya Anankhoma ndinali nayo. Kampata ka m'mano, kayendedwe kawo kothamanga ngati asiya mphika pamoto, zonse ndinali nazo. Zimene ankanena ndinkazikumbukira, mwaona nokha ndakulemberani. Koma mawu enieniwo, kamvekedwe kake, tsiku lina ndinawafufuza m'mutu ndipo sindinawapeze. Ndikati ndiwakumbukire, ndinkamva mawu a alongo anga, kapena a mayi wowerenga nkhani pawailesi. Ndiye ndinkaopa kuti tsiku lina mwana wanga adzamva kasetiyo, adzanditembenukira n'kufunsa kuti, "Ndi iwowa?" ine n'kusowa poyankha. Padziko lonse wotsala woti n'kuyankha funso limenelo ndinali ine ndekha. Alongo anga anapita, apongozi anapita, anzawo a kuchigayo anapita. Mboni inatsala imodzi, ndipo mboniyo ndi yomwe ija inaphika mabatire.

Bambo anu a Tembo ndi munthu wabwino, ndilembe pano kuti zidziwike. Kwathu mkamwini amakhala pakhomo pa apongozi ake n'kumawalimira. Kuno zinatembenuka, mpongozi ndi amene ndili pachikamwini, ndipo sindilima. Iwo anayendayenda m'masitolo a katundu wakale mpaka anapeza wailesi ya kaseti. Anaipukuta m'kati ndi kathonje, anaiyesa ndi kaseti ina imene anagula komweko, nyimbo za azungu olira ndi magitala, inaimba bwinobwino. Ndiye anailumikiza kumagetsi a pakhoma, chingwe china n'kupita ku laputopu ya Tadala.

"Adada, musayope," anatero. "Izapita kamodzi chabe, manje mawu yazankhala mu kompyuta. Olo idye tepi, tizankhala nayo."

Linali Lamulungu masana titabwera kutchalitchi. Amayi anu anamanga chitenje pamwamba pa diresi, ngati akulandira alendo olemekezeka. Tonse tinakhala pabalaza. A Tembo anadina.

Poyamba kunamveka mphepo, fuuu. Kenaka kunatuluka timawu. Tiwitiwitiwi, tswitswitswi, ngati mbewa zikukangana m'nkhokwe. Kanyimbo kanalimo ndithu, koma kothamanga ngati kakuthawa galu. Iwe Lonjezo unagwa pampando ndi chiseko, ukunena m'Chingerezi kuti agogo aakazi anali katuni. Sindikukuimba mlandu. Nanenso ndikanakhala wa msinkhu wako ndikanagubuduka.

Amayi anu sanaseke. Anatembenuka.

"Ababa, ndi iwowa?"

Funso lija. Ndinaliyembekezera zaka zonsezo, ndipo linandipeza ndilibe kanthu m'manja. Ndinachita chimene ndimachita nthawi zonse.

"Amayi ako anali wochangamuka," ndinatero, "koma osati chonchi."

Palibe anaseka, ngakhale Lonjezo. Amayi anu anadzuka, anamasula chitenje, anachipinda bwinobwino, analowa m'khitchini n'kuyamba kutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. A Tembo anakanda mutu.

"Wailesi ilibe mlandu, Adada, munamvera mweka ija ina. Ni tepi yakalamba. Pepani maningi."

Masabata otsatira m'nyumba muno munali ulemu wambiri. Amayi anu ankandipatsa moni, ankandifunsa za mankhwala, anagula maikulowevu ina n'kundionetsa batani limodzi lokha loti ndizidina. Za kaseti sanatchulenso. Ine ndinkapita kusitolo kukakangana ndi makina aja olipirira wekha, amene amawerenga timizeremizere ta pakatundu n'kumakulankhula ndi mawu a mayi. Tsiku lina ndinadzipeza ndaima pamenepo ndi buledi m'manja, ndikumvetsera mayi wa m'makinayo, ndikudzifunsa ngati Anankhoma ankamveka chonchi. Anthu pambuyo panga anali atafola mpaka ku mashelefu a sopo.

Chipale chinasungunuka. Dzuwa linayamba kugwira ntchito. Ndiye masana ena, Tadala, unabwera msanga kuchokera ku koleji n'kundipeza kuseri kwa nyumba nditagwada pamasitepe. Amayi anu anataya chuma changa chija, koma sanadziwe kuti m'thumba la jekete la kutchalitchi munatsala mbewu ya mabatire.

"Agogo! Mwayambanso?"

"Ndikuwaothetsa dzuwa basi. Usakanene."

Unakhala pasitepe, chikwama chili kumsana. Unandifunsa, ndi Chichewa chako chija choyenda ndi ndodo, kuti kodi zimenezi zimagwiradi ntchito. Ndinakufotokozera zonse, za denga la ku Ndirande, za makaka, za dzino. Inu ana mukandifunsa funso limodzi mumadziwa kuti mwagula thumba lonse. Nthawi zambiri ndikafika pakati maso ako amakhala atabwerera pafoni. Tsiku limenelo sanabwerere.

"Agogo, dikirani. Tsiku munajambula agogo aakazi, mabatire anali atsopano?"

"Atsopano? M'nyumba mwanga? Anali atakwera padenga kangapo, ndipo mano anga anali pamenepo ngati sitampa."

Unandigwira mkono. Chichewa chinakuthera, unathamangira Chingerezi, kenaka unabwerera kudzanditola. Unati m'wailesi ya kaseti muli kamota kamene kamakoka tepi. Mabatire akafooka, kamotako kamakoka mwaulesi. Ndiye tsiku lija tepi inkayenda pang'onopang'ono pojambula, koma wailesi ya bambo anu, yokhuta magetsi a pakhoma, inaikoka pa liwiro lake loyenera, n'chifukwa chake zonse zinathamanga n'kusanduka mbewa.

"Tepi siinafe, Agogo. Ndinaiseva mu laputopu. Ndikhoza kuchepetsa liwiro."

"Chepetsa, mwana wanga!"

"Koma sindikudziwa poimira. Ine sindinawamvepo. Amami sakukumbuka. Inu muzimvera, mukamva kuti ndi iwo, munene."

Ndinayang'ana mabatire anga pasitepe. Ndinalakalaka ndikanakhala mmodzi wa iwo.

Loweruka m'mawa tinakhala patebulo la m'khitchini. Amayi anu anakana kukhala, anaima pakhomo atapinda manja, opanda chitenje ulendo uno. Tadala anaika chala pa laputopu n'kuyamba kukoka kamzere pang'onopang'ono, nyimbo ikubwerezabwereza. Mbewa zinasanduka mbalame. Mbalame inasanduka kamtsikana ka Sande sukulu. Kamtsikanako kanayamba kukula ndikumva.

"Pamenepo!" ndinatero.

Ndinanena chifukwa ndinkafuna zithe. Tadala anandiyang'ana.

"Mukutsimikiza?"

"Tsitsa pang'ono."

Anatsitsa. Kunamveka mayi wina, mayi wabwinobwino, woti ukhoza kukhala naye pabenchi limodzi m'tchalitchi. Kaya anali wanga, kaya wa munthu wina.

"Pamenepo. Ayi. Tsitsanso."

Anatsitsa mpaka nyimbo inayamba kuimbidwa ndi mkulu wa mpingo wonenepa. Lonjezo, unafunsa ngati agogo aakazi anali ndi ndevu, bambo ako n'kukuponda phazi kunsi kwa tebulo. Tinakwera, tinatsika, tinakweranso. Ndinati "pamenepo" malo osiyanasiyana ngati munthu wosonyeza malire a munda wa eni ake. Thukuta linatuluka. Kenaka amayi anu analankhula pakhomo paja, mofatsa.

"Tadala, asiye agogo ako. Atopa."

Bola akanandimenya ndi chipande. Ndinakankhira mpando m'mbuyo, ndinasanjika miyendo pampando winawo, ndinatenga kapu yanga ya tiyi, n'kuyamba kufunsa a Tembo za mpira wa dzulo lake, mokweza, kuti aliyense aone kuti nkhalamba ilibe nazo ntchito. Koma Tadala ndi wamakani ngati munthu wina amene ndinkamudziwa. Anati nyimbo ikatha kutsogoloko kukumveka ngati anthu akulankhula, ndiye anadumphira kumeneko, n'kumakokabe kamzere kake yekhayekha, mutu uli pansi. Ine sindinkamvetsera. Ndinali pakati pofotokoza mmene goloboyi anagwirira mphepo.

Kunamveka madzi akukhavukira m'beseni. Kenaka tsonyo, lalitali, lochokera pakampata ka m'mano.

"Bambo a Tiya! Mwayatsanso chinthucho? Zimitsani, mukutha mabatire!"

Ana inu, zimene zinachitika munaziona, koma ine sindinazione, ndinangozipeza zitachitika. Miyendo yanga inali itatsika pampando. Tiyi anali pathalauza. Dzanja langa linali litawoloka tebulo lonse n'kutseka laputopu ya Tadala, phaa! Ndipo pakamwa panga, pokhapokha, popanda kundifunsa, panali patayankha:

"Ndazimitsa kale, mayi."

Tadala anatambasula manja pamwamba pa laputopu. 

"Musakhudze chilichonse," anatero Tadala chonong'ona. "Aliyense asakhudze. Ndi pamenepo."

Anatsegula laputopu mosamala ngati akuvundukula dzira, anabweza m'mbuyo pang'ono, anadina. Madzi m'beseni. Tsonyo. Bambo a Tiya, zimitsani, mukutha mabatire. Ndiye kunamveka mnyamata wina wa mawu opyapyala, wodzimva kuchenjera, ali chapafupi ndi wailesi:

"Ndazimitsa kale, mayi."

"Bodza! Ndikukaona kakuzungulira ako. Njinga munapereka, tsopano mukufuna tizidya miyala? Tengani mwanayu, taonani akudya sopo. Tiya! Tiya, lavula. Bwera kuno, mayi wanga, lavulira m'dzanja langa. Eyaa. Taonani nkhope, ngati bambo ake akamva kuti kuli ntchito."

Kamwana kanalira, kenaka kanaseka. Anankhoma nawo anaseka, chiseko chawo chija choyambira pansi n'kukathera m'chifuwa, mpaka kutsokomola. Kenaka kwaa, tepi inathera pomwepo.

Sindinaone nthawi imene amayi anu anachoka pakhomo. Ndinangoona agwada patebulo, chibwano chili pafupi ndi laputopu, ngati akufuna kulowamo.

"Bwezanso," anatero.

Tadala anabweza. Lavula, bwera kuno, mayi wanga.

"Bwezanso."

Atamva kokwanira anapukuta m'maso ndi kansalu ka mbale, anandiyang'ana, mphuno ili yofiira.

"Ababa, mngelo munkanena uja ndi ameneyu?"

"Angelo amakalipanso, mayi. Kawerenge bwino Baibulo."

Anaseka, ndipo chiseko chake chinayambira pansi n'kukathera m'chifuwa, mpaka kutsokomola. Zaka zonsezi chinali m'nyumba mwanga momwemo, ine ndikukachifuna kwa mayi wa m'makina a kusitolo.

Ndiye Lonjezo, ukawauze aphunzitsi ako kuti anthu amene anatulukira tiranzisita ndi tepi ndi kompyuta anali anzeru, ndikuwavulira chipewa, chomwe chija ndinakupizira utsi. Koma ukawauzenso kuti makina onsewo atafika pamapeto anaima n'kudikira miyendo ya nkhalamba kuti itsike pampando. Ndipo ukafuna kuonjezera phunziro, lemba kuti ndikanakhala mwamuna womvera, wozimitsa akauzidwa kuti zimitsani, bwenzi amayi ako asanamve mpaka lero mmene ankaitanidwira. Koma limenelo usakalionetse kwa amayi ako.

Chichewa choyamba chimene nonse awiri mwachigwira bwinobwino, chopanda ndodo, ndi chimenechi. Ndikayatsa kanema, "Zimitsani, mukutha mabatire!" Ndikatsegula firiji, "Zimitsani, mukutha mabatire!" Ndi tsonyo lomwe mwaphunzira. Ndinali ndi wondikalipira mmodzi, ndinamulira zaka makumi anayi, tsopano ndili nawo atatu ndi wa m'foni wachinayi.

Pakuti Tadala anandiikira mawuwo m'foni, pa kabatani kamodzi kakakulu koti ngakhale ine sindingaphonye. Ndimawamvera m'mawa ndikamamwa tiyi. Amandiuza kuti ndizimitse, ndimawayankha kuti ndazimitsa kale, amati bodza, ndipo amanena zoona. Lero ndawabwereza mpaka foni yafooka, yayamba kuthima yokha. Chingwe chotchajira sindikuchiona, ndikukayikira iwe Lonjezo. Koma kunja kwacha bwino, pasitepe pakutentha kale.

Amayi anu akafunsa, simunaone kanthu.